Mgolo wowambira nyama wa ku Matawale: zolemba za kulamulira moto ndi fani

Loweruka, 25 Meyi

Mgolo wafika lero pakhomo pano ku Matawale, m'tauni ya Zomba, ndipo ndaganiza zolemba chilichonse chimene ndichite nawo, choyenda ndi chokanika chomwe, kuti pobwereza ndisamadalire kukumbukira kokha. Cholinga changa n'chakuti mgolowu ukhale uvuni wowambira nyama ndi nsomba pamoto wa makala, moto wofatsa umene ungakhale pa madigiri 110 kwa maola 10 popanda munthu kudzuka usiku kukausonkhezera. Kaphikidwe kameneka n'kosiyana ndi kanyenya wa pachiwaya amene timagula ku Mpondabwino, pamene moto umakhala waukali ndipo nyama imapsa wogula ali chiimire. Mumgolo, nyama yolimba monga phewa la nkhumba kapena mwendo wa mbuzi imakhala mu utsi tsiku lathunthu, kufikira mitsempha yake itasungunuka n'kufewa moti munthu angathe kuinyotsola ndi zala.

Mgolowu ndi wa malita 200, wotalika pafupifupi masentimita 88, ndi 58 m'mimba mwake, ndipo munali mafuta ophikira. Ndinakana migolo iwiri yotsika mtengo chifukwa wogulitsa sanathe kundiuza chimene chinali m'kati mwake, pakuti mgolo umene munakhalapo mankhwala a m'munda kapena oyilo wa galimoto suyenera kuyandikira chakudya ngakhale utautsuka kangati. Wangawu ndauwotcha ndi nkhuni kwa maola 3 mpaka penti yense wasupuka, kenako ndaupala ndi bulashi ya waya n'kuupaka mafuta ophikira m'kati kuti usachite dzimbiri.

Wowotcherera zitsulo wa ku Chinamwali waboola mabowo atatu olowera mpweya, lililonse la mamilimita 20, pang'ono chabe pamwamba pa thako la mgolo, ndipo pa lililonse waikapo paipi, imodzi mwa iyo yokhala ndi valavu. Pachivundikiro waikapo chumuni ya paipi ya mamilimita 50. Wapanganso dengu la makala loima pamiyendo ya masentimita 7 kuti phulusa lizigwera pansi, ndi thandala la waya loikapo nyama, limene lili masentimita 60 pamwamba pa tsinde la dengulo. Pa dengu tinasiyana maganizo pang'ono. Iye anati, "Achimwene, waya wa mpanda wonyezimirayu ndi wotchipa, bwanji tipangire ameneyu?" Ndinamufotokozera kuti kunyezimirako ndi zinki, ndipo zinki ikatentha kwambiri imatulutsa utsi umene umadwalitsa munthu. Tinagwirizana zogwiritsa ntchito chitsulo chakuda wamba.

Loweruka, 8 Juni

Lero ndayesa mgolo popanda fani, kuti ndidziwe khalidwe lake ndisanaupatse woulamulira. Ndinadzaza dengu ndi makilogalamu 4 a makala osayatsa, ndipo pamwamba pake ndinathira makala 10 okha amene ndinayatsira pambaula. Njira imeneyi ndiyo imathandiza kuti moto ukhalitse, chifukwa umayamba pamalo pamodzi n'kumayenda pang'onopang'ono kulondola makala amene atsala, m'malo moyaka dengu lonse nthawi imodzi.

Ndinaika nkhuku ziwiri nthawi ya 2 koloko masana ndipo ndinakhala pambali ndi kope, kumalemba kutentha mphindi 10 zilizonse. Ola loyamba mgolo unakhazikika pa madigiri 115 bowo limodzi lili lotsegula theka. Itakwana 4 koloko mphepo ya mwera inayamba kuwomba molunjika pabowolo, ndipo pasanathe mphindi 20 kutentha kunafika 160. Nditatseka valavu kunatenga mphindi 40 kuti kutsike, koma kutsikako sikunaime pa 110, kunapitirira mpaka 92, ndipo utsi unasanduka woyera ndi wochindikala, wonunkha ngati nkhuni zaziwisi. Nkhuku zinapsa, pakati pa chidali panafika madigiri 74 monga zimafunikira, koma khungu lake linali lowawa chifukwa cha utsi umenewo.

Chimene ndaona n'chakuti moto wa mumgolo sufulumira kuyankha. Ukatsegula bowo, zotsatira zake umaziona patapita mphindi 10 kapena 15, ndipo munthu amene akuyang'ana nambala pachoyezera amakhala akukonza vuto limene linachitika kale. Masana, ndi kapu ya tiyi m'manja, zimenezi n'zopiririka. Kwa maola 10 usiku wa Juni ku Zomba kuno, pamene mphepo imasinthasintha ndipo chisanu chimatsika kuchokera kuphiri, sizingatheke. Ndiye chifukwa chake ndatsimikiza zoika fani.

Loweruka, 22 Juni

Zipangizo zakwanira. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira zamakompyuta, wabwera kudzandithandiza kulumikiza ndi kulemba pulogalamu. Tili ndi Arduino Nano, kakompyuta kakang'ono kosunga pulogalamu yolamulira fani, waya woyezera kutentha wa mtundu wa K thermocouple, kabolodi ka MAX6675 komasulira zimene wayayo akumva, MOSFET yoyatsa ndi kuzimitsa fani, kasikirini kakang'ono, ndi batire la njinga yamoto la 12V. Batire ndalisankha dala, chifukwa magetsi akazima pakati pa usiku fani siyenera kuima nawo limodzi.

Poyamba ndinafuna kugwiritsa ntchito fani ya m'kompyuta yakale imene inali m'nyumba, koma titailumikiza kupaipi mpweya wotulukira kumapeto unali wochepa kwambiri. Fani yoteroyo imakupiza bwino pamalo potseguka, koma ilibe mphamvu yokankhira mpweya m'njira yopapatiza. Tagula ina yooneka ngati chigoba cha nkhono, imene imakoka mpweya pakati n'kuutulutsira pakamwa kamodzi. Nditaimva ikuuzira ndinakumbukira mvukuto wa chikopa cha mbuzi umene agogo anga ankasulira makasu ndi nkhwangwa, pakuti ntchito yake ndi yomweyo, kungoti dzanja loupopa tsopano ndi pulogalamu.

Tisanaike chilichonse pamgolo tinayamba tayesa choyezera, chifukwa pulogalamu imakhulupirira nambala iliyonse imene yapatsidwa. M'madzi osakaniza ndi ayezi chinaonetsa digiri 1, zimene zili bwino. M'madzi owira chinaonetsa 97. Mphwanga anati, "Malume, chikuperewera ndi madigiri 3, ndiwonjezere mupulogalamu." Ndinamuletsa. Madzi amawira pa madigiri 100 pamalo ofanana ndi nyanja yamchere, koma tauni ya Zomba ili pamtunda wa mamita oposa 900, ndipo pa mamita 300 aliwonse amene munthu wakwera madzi amawira msanga ndi digiri imodzi. Choncho 97 ndiyo nambala yoona kuno, ndipo tikanawonjezera tikanachilakwitsa choyezera chimene chinali cholondola. Pamwamba pa phiri, ku Chawe, nambalayo ingatsikenso.

Vuto lenileni linaoneka titayatsa fani: nambala inayamba kudumphadumpha ndi madigiri 5 kapena 6. Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, MAX6675 imafuna pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi kuti imalize kuwerenga, ndipo pulogalamu inali kuifunsa mofulumira kuposa pamenepo. Chachiwiri, mawaya a fani anali kuyenda mophatikana ndi waya woyezera, amene amanyamula mphamvu yochepa kwambiri moti chisokonezo chilichonse chimaoneka. Tinawatalikitsa, tinaika capacitor yaing'ono, kachipangizo kosefa chisokonezo cha magetsi, pakamwa pa kabolodi, ndipo pulogalamu tsopano imawerenga kamodzi pa sekondi n'kutenga pakatikati pa nambala 5 zomalizira. Kudumpha kwatha.

Loweruka, 6 Julayi

Pokhala tsiku la tchuthi, ndinali ndi nthawi yoyesa fani koyamba, mumgolo mulibe nyama. Lamulo limene tinapatsa pulogalamu linali lapafupi: kutentha kukakhala pansi pa 110 fani iyake, kukafika 110 izime. Mabowo awiri ndinawatseka ndi zotsekera zake, ndipo fani inali pa lachitatu.

Fani inazungulira mwamphamvu kwa mphindi 25 ndipo inazima pa 110 monga tinailamulira. Koma kutentha sikunaime. Kunafika 125, kenako 140, ndipo patatha theka la ola kunali pa 152, fani ili zii nthawi yonseyo. Kunakhala pamenepo kwa ola lathunthu. Mphwanga anayang'ana pulogalamu mzere ndi mzere osapeza cholakwa, ndipo analondola, chifukwa cholakwacho sichinali mupulogalamu.

Ndakhala ndikuganizira zimenezi madzulo onse, ndipo ndikuona kuti apa ndi pamene pagona ntchito yonseyi. Fani imatha chinthu chimodzi chokha, kuwonjezera mpweya. Ilibe njira yoziziritsira mgolo. Zili ngati njinga ya kabaza imene ili ndi zopalasira koma ilibe mabuleki: wokwera akafuna kuchepetsa liwiro angoleka kupalasa n'kudikira, ndipo ngati msewu uli wotsetsereka kuleka kupalasako sikuthandiza kanthu. Mumgolo, kutsetsereka kumeneko ndi mpweya umene ukulowa wokha pamene fani yazima. Utsi wotentha ukamakwera kutulukira pachumuni umakoka mpweya wina pansi, ndipo mpweyawo umalowa paliponse pamene papezeka mpata. Moto ukakula, kukokako kumakulanso, ndipo moto umadzidyetsa wokha popanda kupempha fani.

Ndinayatsa kanyatsi ka pepala n'kuyendetsa utsi wake mozungulira mgolo kuti ndione kumene ukukokedwera. Unalowa m'mbali mwa mapaipi onse atatu, pamene kuwotcherera kunasiya timipata. Unalowa kwambiri pakamwa pa fani yeniyeniyo, pakuti fani yozima ndi bowo lotseguka basi. Ndipo pachivundikiro, chimene chinapindika pang'ono tsiku limene ndinawotcha mgolo, utsi wa m'kati unali kutuluka mbali imodzi pamene mpweya unali kulowa mbali ina. Cholakwa chachiwiri chinali cha fani: mphindi 25 za kuuzira mwamphamvu zinayatsa pafupifupi theka la dengu, ndipo makala ochuluka chotere akayaka palibe choyezera chimene chingawabweze.

Loweruka, 13 Julayi

Lero linali tsiku lotseka mipata. M'mbali mwa mapaipi ndamata silikoni wofiira wopirira kutentha, pamlomo pa chivundikiro ndamatapo chingwe cha uvuni, ndipo ndaika zokowera zitatu zopanikizira chivundikirocho. Pakamwa pa fani ndapachika kachitseko kopepuka kodula pachitini cha chakumwa, kamene kamatseguka fani ikauzira n'kugwa kokha ikaleka.

Chumuni sindinaikhudze, ndipo iyenera kukhala yotsegula nthawi zonse. Moto umalamulidwa polowera mpweya, osati potulukira utsi, chifukwa utsi wotsekeredwa ndi umene umasiya phula lowawa panyama.

Poyesa ndinakweza mgolo kufika 130 n'kuzimitsa fani. Mkati mwa mphindi 30 unatsika kufika 100, ndipo nditausiya choncho moto unazimiratu, makala otsala ali bwinobwino oti n'kugwiritsidwanso ntchito. Mgolo umene ungazimitse moto wake ukamanidwa mpweya ndi umene fani ingaulamulire.

Loweruka, 27 Julayi

Kunja kuli chiperoni kuyambira dzulo, mvula yowaza ndi nkhungu yophimba phiri lonse, ndipo m'mawa kunali madigiri 12. Ndasunthira mgolo m'mphepete mwa khonde pamene pali denga koma mbali zitatu n'zotseguka. Alamu anga anandiuza kuti ndingoulowetsa m'khitchini, koma ndinakana mwaulemu, chifukwa makala oyaka ndi mpweya wochepa amatulutsa carbon monoxide wambiri, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nyengo ino. Mgolo ngati uwu umayaka momanidwa mpweya kwa maola ambiri, choncho malo ake ndi panja.

Titatseka mipata, lamulo la kuyatsa ndi kuzimitsa linayamba kugwira, koma kutentha kunali kuyendayenda pakati pa 102 ndi 122 ngati katungwe. Mphwanga wasintha pulogalamu kuti igwiritse ntchito njira ya PID, imene imauza fani liwiro loti izungulire m'malo mongoiyatsa kapena kuizimitsa. Ndilemba momwe ndaimvera. Gawo la P limayang'ana mtunda umene watsala: ngati tili kutali ndi 110 fani ithamange, ngati tayandikira ifatse. Gawo la I limasunga ngongole: ngati takhala pansi pa 110 kwa nthawi yaitali, ngakhale ndi madigiri awiri okha, limawonjezera mphamvu pang'onopang'ono kufikira kuperewerako kutatha. Gawo la D limayang'ana liwiro la kusintha: ngati kutentha kukukwera mothamanga, limachepetsa fani tisanafike n'komwe pa 110. Pa njinga yopanda mabuleki ija, D ndiye nzeru yoleka kupalasa usanafike pamphambano.

Kuyesa koyamba kunapitirira mpaka 128, ndipo wolakwa anali gawo la I. Kwa mphindi 40 zimene mgolo unali kutenthera kuchokera pa 12, ngongole inaunjikana kwambiri, moti titafika pa 110 pulogalamu inapitiriza kuuzira kuti iibweze. Takonza motere: I ayambe kuwerengera pokhapokha tili mkati mwa madigiri 10 kuchokera pacholinga, ndipo fani isapitirire 60 peresenti ya mphamvu yake ngakhale mgolo uli wozizira bwanji. Zikutanthauza kuti kufika pa 110 kukutenga pafupifupi ola, koma ndi bwino kufika mochedwa kuchokera pansi kusiyana ndi kudikira ola lomwelo kuti moto wopitirira utsike, nyama ili m'kati.

Tapezanso kuti fani yathu sizungulira ikapatsidwa mphamvu yochepera 30 peresenti, imangolira osasuntha. Komatu mgolo ukakhazikika umafuna mpweya wochepa kuposa pamenepo. Mphwanga wagawa nthawi m'zigawo za masekondi 10, ndipo pakafunika mpweya wochepa fani imazungulira masekondi awiri kapena atatu n'kupuma otsalawo.

Chomaliza chinali chivundikiro. Ukachitsegula kuti uone nyama, kutentha kumagwa mwadzidzidzi ndipo pulogalamu imaganiza kuti moto ukuzima, pamene zoona zake n'zakuti makala alandira mpweya wochuluka kuposa umene fani ingapereke. Ikauziranso pamwamba pa pamenepo, mgolo umalusa ukangotsekedwa. Tsopano kutentha kukagwa ndi madigiri 15 mkati mwa mphindi imodzi, fani imaima kwa mphindi 4 ndipo ngongole ya I siwerengedwa. Pofika madzulo mgolo unakhala pakati pa 107 ndi 113 kwa maola 4, chiperoni chikuwaza.

Loweruka, 10 Ogasiti

Sabata ziwirizi ndakhala ndikuyesa makala osiyanasiyana, ndipo nkhaniyi sindingailembe ngati ya kutentha kokha. Aliyense wokhala ku Zomba amaona njinga za matumba zikutsika m'mamawa ndipo amaonanso momwe mapiri a Zomba ndi Malosa akuyerera, pomwe madzi amene timamwa m'tauni muno amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri lomwelo. Lamulo la nkhalango la 1997 limafuna kuti wowotcha makala akhale ndi chiphaso, ndipo litakonzedwanso mu 2020 zilango zake zinakula. Ndasankha kugula makala achiphaso ochokera kumitengo yobzala, ngakhale ndi okwera mtengo, ndiponso kuyesa mabriketi, makala ochita kuumba opangidwa ndi zinyalala za m'munda. Chondilimbitsa mtima n'chakuti mgolo wotsekedwa bwino umadya makala ochepa: makilogalamu 4 akupitirira maola 10.

Makala a zidutswa amayaka msanga, amamvera fani mwachangu, ndipo phulusa lake n'lochepa. Koma zidutswa zikasiyana kwambiri kukula, moto umadumpha ukafika pa zing'onozing'ono, choncho ndimaswa zazikulu n'kusefa fumbi ndisanadzaze dengu. Mabriketi amayaka mofanana bwino, koma amene ndinapeza ali ndi dothi lambiri lomangira, ndipo pofika ola lachisanu phulusa linali litatseka pansi pa dengu. Chizindikiro chake chinaoneka pasikirini: fani inakwera kuchoka pa 20 kufika 60 peresenti pamene kutentha kunali kutsika. Nditagogoda mgolo ndi mtengo phulusa linagwa ndipo zonse zinabwerera. Komanso mabriketi amene anagona pakhonde usiku wa chiperoni anayamwa chinyezi n'kutulutsa utsi woyera kwa ola lathunthu.

Pa nkhuni zopatsa fungo, zidutswa zitatu zouma za mtengo wa mango kapena gwafa, zazikulu ngati nkhonya, zokwiriridwa m'makala, n'zokwanira. Paini, amene ndi wosavuta kumupeza kuno, sayenera konse, chifukwa utomoni wake umadetsa nyama ndi kuiwawitsa.

Loweruka ndi Lamulungu, 24 ndi 25 Ogasiti

Uku ndiko kuyesa kumene ndinapangira zonsezi: phewa la nkhumba la makilogalamu 3 ndi theka, usiku wonse. Ndinalipaka mchere, adyo, tsabola ndi shuga pang'ono kuyambira m'mawa. Pakati pa makala ndi thandala ndinaika chiwaya chakale kuti mafuta asamagwere pamoto n'kuyambitsa malawi amene angasokoneze choyezera. Nsonga ya choyezera ndinaimanga pamsinkhu wa thandala, masentimita 5 kuchokera panyama, osakhudza chitsulo. Ikayandikira kwambiri nyama yozizira imaonetsa nambala yotsika ndipo fani imauzira mopitiriza muyeso. Choyezera chachiwiri ndinachibaya pakati pa nyamayo, kupewa fupa.

Nyama inalowa 9 koloko usiku. Nditatseka chivundikiro fani inadikira mphindi zake 4, ndipo pofika 9:30 mgolo unali pa 110. Magetsi anazima cha m'ma 11, koma fani ndi Arduino pamodzi sizikoka magetsi opitirira 0.3A, ndipo batire la 7Ah lingazisunge usiku wonse ndi tsiku lotsatira lomwe. Ndinagona, ngakhale ndinadzuka 2 koloko kukaona. Sikirini inali pa 109, fani ikuuzira ndi kupuma, ndipo utsi wa pachumuni, nditauwunika ndi tochi, unali wopyapyala wooneka mobiriwira, umene ndi wabwino.

Nthawi imeneyo pakati pa nyama panali madigiri 68. Pofika 5 koloko m'mawa panali 69. Akazi anga, amene anadzuka kudzaona, anati, "Bambo, motowu wachepa, bwanji muwonjezere?" Moto unali usanachepe. Nyama yaikulu ikafika pakati pa madigiri 65 ndi 75 imatulutsa madzi pamwamba pake, ndipo madziwo akamauma amachotsa kutentha kofanana ndi kumene mgolo ukupereka, monga momwe thukuta limaziziritsira thupi. Munthu wolamulira ndi manja amakonda kutsegula mabowo pa nthawi imeneyi n'kupsereza kunja kwa nyama, pamene pulogalamu imayang'ana mpweya wa mumgolo wokha ndipo sitekeseka. Ndinakulunga phewalo m'pepala la aluminiyamu kuti madzi aleke kuuma, ndipo kutentha kwa m'kati kunayambanso kukwera.

Linafika madigiri 93 nthawi ya 8:20 m'mawa, patatha maola 11 ndi mphindi 20. Ndinalisiya lokulunga kwa ola limodzi, ndipo fupa linasololoka lokha. M'dengu munatsala makala okwana manja awiri. Pa usiku wonsewo kutentha kunatsika kwambiri kufika 104, m'bandakucha pamene kunja kunazizira, ndipo kunakwera kwambiri kufika 118, nditatsegula kuti ndikulunge nyama.

Loweruka, 14 Sepitembala

Azakhali anga, amene akhala akuwamba ndi kugulitsa nsomba ku Kachulu m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa kuyambira ndili mwana, abwera ndi milamba 8 yaiwisi kuti aone mgolo umene akhala akuumva. Nsomba imafuna kutentha kocheperapo, choncho ndinailamula pulogalamu kuti ikhale pa madigiri 80. Milambayo tinaitumbula, tinaiviika m'madzi amchere kwa ola limodzi, ndipo tinaiyanika pamthunzi mpaka khungu litauma pang'ono.

Apa mgolo unandionetsa malire ake. Moto wa dengu lodzaza, ngakhale ndinayamba ndi makala 6 okha oyaka, unakhazikika pa 92 fani itazima, ndipo kuti utsike kufika 80 unayenera kumanidwa mpweya kwa nthawi yaitali. Pomanidwa choncho utsi unayera n'kuchindikala, ndipo fani ikauzira pang'ono kutentha kunali kudumpha kufika 95. Azakhali anayang'ana chumuni osati sikirini, ndipo anati, "Mwana wanga, motowu ndi waukulu koma mukuupana pakhosi. Nsomba imafuna moto waung'ono wopuma bwino." Ananena zoona. Kutentha kochepa sikupezeka pofinya moto waukulu, kumafuna makala ochepa oyaka nthawi imodzi amene akulandira mpweya wowakwanira.

Tinachotsa milamba, tinatulutsa dengu, ndipo ndinaika njerwa ziwiri pakati pake n'kuyala makala mozungulira m'mphepete ngati mkanda wosalumikizana, n'kuyatsa mbali imodzi yokha. Moto unayamba kuyenda motsatira mzerewo, makala anayi kapena asanu okha akuyaka pa nthawi imodzi. Mgolo unakhala pakati pa 78 ndi 84, fani ikugwira ntchito pa 25 peresenti, ndipo utsi unapyapyala. Patatha maola 3 pakati pa mlamba waukulu panapitirira madigiri 63, amene ndi muyeso wa nsomba yakupsa.

Azakhali analawa ndipo anaiyamikira kukoma, koma anaifinya ndi chala n'kunena kuti singafike ku Limbe. Milamba yawo amaiwamba mpaka iume gwa kuti ikhale masiku ambiri m'dengu, pamene yanga inali idakali ndi madzi ambiri, yoyenera kudyedwa tsiku lomwelo kapena kusungidwa mufiriji. Andipempha kuti ndiyese kuwamba kwa maola 8 kapena 10 pa kutentha komweko kuti tione ngati ingaume mofanana popanda kupserera, ndipo akufuna kudziwa makala amene angathe pa ntchito yoteroyo poyerekeza ndi nkhuni zimene amagula kunyanja.

Pa kuyesa kumeneko ndikufunika thandala lachiwiri, ndipo ndalankhula kale ndi wowotcherera uja kuti aboole malo a mabawuti masentimita 12 pansi pa loyamba. Ndiyeneranso kupeza malo amthunzi, chifukwa masana a lero, ndisanayatse n'komwe moto, mgolo wakudawu utakhala padzuwa unaonetsa madigiri 48, ndipo Okutobala akubwera. Azakhali abweranso ndi milamba ina pa 5 Okutobala.